MLENDO WA KU LUSAKA ASAMANGOONA MAFAKITALE OKHA

Anthu ambiri a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi akabwera ku Lusaka kudzaona ana ao, amafikira ku Matero, George kapena Kanyama, kumene kumakhala anchito a m'mafakitale a ku Heavy Industrial Area. Mwana amalawirira ku nchito nabwerako madzulo ali wotopa, ndipo kholo limatha masabata awiri likungoona fumbi ndi magalimoto a katundu mu mseu wa Mungwi. Pobwerera kumudzi limakauza anzake kuti Lusaka ndi utsi ndi phokoso cabe. Komatu mzinda uno, umene unakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, uli ndi malo ena amene mlendo ayenera kuwaona asanakwere basi yobwerera kwao.

Poyambira ndi pa mseu wa Independence Avenue, pamene pali Lusaka National Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa m'caka ca 1996. Pansi pali zojambula ndi zosema za amisiri a m'dziko muno. M'mwamba muli ng'oma, mitondo, mikondo, zithumwa ndi zithunzi za masiku omenyera ufulu. Agogo sadzasowa cowauza adzukulu ao obadwira m'komboni, pakuti zambiri mwa zinthuzi anazigwira ndi manja ao. Capafupi pali cifanizo ca munthu wodula maunyolo, Freedom Statue, cimene cinaimikidwa m'caka ca 1974 pokumbukira amene anafera ufulu.

Ku Chilenje kuli nyumba nambala 394, m'mene a Kenneth Kaunda anakhala ndi banja lao kuyambira mu 1960 kufikira mu 1962. Ndi kanyumba kakang'ono konga ka wanchito aliyense, ndipo munthu amadabwa kuti nkhani zazikulu zotere zinakambidwira mopanikizana comweco.

Malo amene anthu a kumudzi sawadziwa, cikhalireco ndiwo awakhudza koposa, ndi National Archives ku Ridgeway. Kumeneko Boma limasunga makalata akale, manyuzipepala ndi mabuku osindikizidwa m'dziko muno. Kulinso mabuku aakulu amene ma DC a nthawi ya atsamunda anali kulembamo za maboma ao: maina a mafumu ndi m'mene analowerana ufumu, midzi, malire, misonkho ndi zaka za njala. Tisaiwale kuti olembawo anali alendo, omva kupyolera mwa omasulira, motero zina anazipotoza. Ngakhale zili tero, pamene anyakwawa akangana za malire kapena banja lilimbirana mpando, cimene cinalembedwa agogo athu ali moyo cimathandiza kucepetsa mapokoso. Wofuna kuwerenga amayamba wapempha cilolezo kwa osunga mabukuwo.

Kum'mawa kwa mzinda, m'mbali mwa mseu wa Great East umene mabasi a ku Chipata amadzera, kuli University of Zambia, yoyandikana ndi komboni ya Kalingalinga. Inayamba kuphunzitsa m'caka ca 1966 ndi ophunzira 312, ndipo a Kaunda ndiwo anali Chancellor wake woyamba. Pomanga sukuluyi anthu wamba anasonkha cimene anali naco, ena ndalama, ena mbuzi ndi nkhuku. Cifukwa cace mlimi alibe cocitira manyazi polowa pa cipata. Laibulale yake ndi ya ophunzira ndi aphunzitsi, ndipo wakunja amafunsa kaye. Koma kuona nyumbazo ndi kupumula pa mthunzi m'mbali mwa maiwe a Goma kungakwanire kuti mwana wa Grade 7 abwerere kumudzi ali ndi maganizo ena.

Otopa ndi makoma apite ku Chilanga, kum'mwera pa mseu wa ku Kafue, kukaona Munda Wanga. Mundawu unayambidwa ndi a Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950, ndipo anaucha dzina la Cinyanja. Muli mitengo ndi maluwa ocokera ku maiko osiyanasiyana. Polowa amalipiritsa, monganso ku Museum, motero mwana wanu asankhe tsiku lopumula lotsatana ndi malipiro a mwezi, ndipo mutengeko kamba wa pa njira.