Mai akayandikira kuleka kusamba, a pabanja ndiwo amayamba kumuweruza

MWEZI wa October ukafika, palibe munthu ku Chama amene sadandaula za kutentha. Cigwa ca Luangwa cimasanduka ng'anjo, ndipo alimi amalawirira kumunda kuti dzuwa likamakwera akhale atabwerako.

Koma alipo amai ena amene kutentha kumawapeza ngakhale mu June, pamene anzao akuotha moto. Kumayambira pacifuwa, kukwera m'khosi mpaka kumaso, thukuta n'kuyamba kutsika ngati munthu wacoka kothamanga. Pakapita mphindi zocepa kwatha, mai uja ayamba kumva kuzizira. Kwa ena zimabwera kangapo usiku umodzi, cofunda n'kunyowa, tulo n'kuthawa.

Ambiri mwa amai amenewa ali ndi zaka zopitirira 40. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati akazi ambiri amaleka kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. Koma kusamba sikuleka tsiku limodzi. Pamakhala zaka zingapo, kwa ena zinai, kwa ena zopitirira pamenepo, pamene thupi limayamba kucepetsa mahomoni acikazi, makamaka estrogen. Mwezi uno mahomoniwo akwera, mwezi wa mawa atsika, ndipo thupi lonse limasokonezeka nao. A cipatala amati nyengo imeneyi ndi perimenopause. Iwo amawerengera kuti mai waleka kusamba pokhapo akatha miyezi 12 yotsatizana osaona magazi.

Cimene cimawawa kwambiri pa zaka zimenezi kawirikawiri ndi mau a anthu a m'nyumba momwemo.

Mpunga wa ku Chama ndi wodziwika mpaka ku Lusaka, ndipo aliyense adziwa kuti nchito yaikulu ya mpungawo, kupalira, kuingitsa mbalame, kukolola ndi kupeta, imagwa pa amai. Onjezani kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kulera adzukulu. Tsono mai amene wagona maola awiri okha, mawondo ndi msana zikuphwanya, akacedwa kunyamula khasu m'mamawa, bambo amangoti ndi ulesi. Akakalipa pa kanthu kakang'ono, ana amanong'onezana kuti amai masiku ano asanduka olusa. Akaiwala pamene anaika ndalama za ku banki ya m'mudzi, apongozi amayamba kufunsa ngati mutu ukali bwino. Komatu kusowa tulo, kukwiya msanga, kulira popanda cifukwa ndi kuiwala-iwala ndi zizindikiro zodziwika bwino za nyengo imeneyi.

Nkhani ya kucipinda ndiyo imapasula mabanja mwakacetecete. Estrogen akacepa, njira ya mkazi imauma, ndipo kukhala malo amodzi ndi mwamuna kumakhala kowawa. Mai amayamba kuzemba, koma manyazi samulola kufotokoza. Bambo naye, m'malo mofunsa, amaganiza kuti pali mwamuna wina kapena cikondi catha. Ena apa ndi pamene amafuna mkazi waciwiri kapena cibwenzi ca mseri, ndipo tonse tinaona mmene kacirombo ka HIV kanalowera m'manyumba ambiri kudzera m'njira yotere. Palinso cikhulupiriro cimene cimamveka m'madera ena, cakuti mai woleka kusamba akagona ndi mwamuna wace mimba imatupa cifukwa palibe magazi otsuka m'kati. Zimenezi zilibe umboni uli wonse wa cipatala. Mimba ikatupa pali cifukwa cina, ndipo afunika kukapimidwa.

Kusinthasintha kwa msambo nako kumabweretsa milandu yace. Mai atha kudumpha miyezi iwiri kapena itatu, kenako magazi n'kubwera ambiri kwa masiku oculuka. M'mabanja amene amasungabe mwambo wakuti mkazi ali kumwezi sathira mcere m'ndiwo, anthu amadabwa kuti bwanji amai akutuma mwana kuthira mcere sabata yonse ndi masiku ena pamwamba. Akadumpha miyezi, miseca imayamba yakuti nkhalamba yatenga pakati pamodzi ndi ana ace. Apa pafunika kusamala, pakuti pathupi n'zothekadi pa zaka zimenezi. A zaumoyo amalangiza kupitiriza njira ya kulera mpaka patapita zaka ziwiri cilekereni kusamba kwa mai wosakwana zaka 50, ndi caka cimodzi kwa amene wapitirira 50. Amene amatsata njira yowerenga masiku adziwe kuti masikuwo sakhalanso odalirika monga kale, ndiye akambirane ndi alangizi ao a banja.

Coopsa kuposa zonse ndi ici. Mai wotenthedwa pakati pa usiku amatuluka panja kuti apitidwe mphepo. Woyandikana naye akamuona ataima pabwalo anthu onse ali m'tulo, kawiri kapena katatu, dzina la ufiti layamba pomwepo, makamaka ngati ndi wamasiye. Lamulo la dziko lino la Witchcraft Act limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo anyakwawa ndi nduna za mafumu ayenera kulikumbukira nkhani yotere ikafika pabwalo lao.

Ngakhale zili tero, si bwino kukankhira matenda onse pa kuleka kusamba. Chama ndi dera la malungo, ndipo thukuta la usiku limabweranso ndi cifuwa ca TB. Kupima malungo pa kiliniki kumatenga mphindi zocepa cabe. Munthu amene akutsokomola kwa masabata awiri, akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, apimitse makhololo. Magazi otuluka ambiri amacepetsa magazi m'thupi, ndipo kufooka kumene banja likuti ndi ulesi nthawi zina kumatha ndi mapilisi oonjezera magazi.

Ndipo amai onse amve ici: kuona magazi mutatha caka cathunthu osasamba, kapena kuwaona mukatha kugona ndi abambo, si cinthu coyembekezera kuti cidzatha cokha. Khansa ya khomo la ciberekero ndiyo imagwira akazi ambiri m'Zambia kuposa khansa ina iri yonse. Nchito yopima khansa imeneyi m'zipatala za boma inayamba mu 2006, ndipo ikapezeka msanga imacizika. Kucokera kwa Chifunda kapena kwa Chikwa kukafika ku Chama boma ndi ulendo, ndipo mvula ikayamba mitsinje imadula njira. Ndalama ya ulendo kawirikawiri imakhala m'thumba la bambo, ndiye bambo amene amati mkazi wace akungodzicititsa ndi amene amamucedwetsa mpaka matenda atakula.

Codabwitsa n'cakuti mtsikana akatha msinkhu alangizi amamukhazika pansi masiku angapo. Akakwatiwa amulangizanso, akatenga pakati poyamba cimodzimodzi. Koma kusamba kukamatha palibe amene amabwera, ndipo amuna sauzidwa kanthu ngakhale pang'ono. Magulu a amai m'mipingo, kaya a Anna Woyera, a Cigwirizano kapena a Umanyano, amakumana kawirikawiri ndipo ali ndi agogo amene anadutsamo kale. Kuitana namwino tsiku limodzi, abambo nao n'kukhalapo, sikufuna ndalama zambiri. Pa 18 October caka ciri conse maiko amakumbukira nkhani ya kuleka kusamba, ndipo tsikuli limagwa mvula isanayambe, anthu akali ndi mpata.

Zothandiza zina ziri pakhomo pomwepo: kuvala nsalu zopepuka za thonje, kusunga madzi akumwa pafupi ndi pogona, kucepetsa mowa, fodya ndi tiyi wa usiku. Mafupa amayamba kufooka pa zaka zimenezi, motero kapenta ndi tinsomba todyedwa ndi minga yomwe, ndiwo zamasamba, soya ndi mkaka n'zofunika m'mbale ya amai, osati ya abambo yokha. Pa kuuma kwa njira alipo mafuta ofewetsa amene amagulitsidwa m'masitolo a mankhwala. Kwa amene kutentha kwawalepheretsa kugona ndi kugwira nchito, alipo mankhwala obwezera mahomoni, koma sayenera munthu aliyense, ndipo ndi dokotala yekha amene angawalembe atamupima mai.