Kompyuta Yoziziritsidwa ndi Madzi ku Rumphi

Wogula zipangizo za kompyuta ku Rumphi ayenera kuganizira kaye nyengo ya kwawo, pakuti kutentha kwa ku Chiweta, m'mbali mwa nyanja, n'kosiyana kwambiri ndi kuzizira kwa ku Livingstonia. Choziziritsira cha madzi chosaboola m'thumba ndi AIO, chimene chimabwera chomata kale, ndipo pampu yake imayendetsa madzi kuchokera pa purosesa, ubongo wa kompyuta, kukafika ku radiyeta, monga ya mamilimita 240, yomwe iyenera kukwana m'bokosi la kompyutayo. Komabe purosesa ya mawati 65, monga Ryzen 5 5600, imazizira bwinobwino ndi fani wamba, choncho ndalama zikaperewera n'kwanzeru kugula UPS, batire lothandiza kuti kompyuta isazime mwadzidzidzi magetsi a ESCOM akathima, kusiyana n'kusirira machubu owala a choziziritsira cha madzi.