Loya, Paralegal ndi Munthu wa Cikwama



Madzulo ano ndifuna kuyankha kalata yocokera kwa mnzathu wina wa ku Matero. Iye anali kugwira nchito pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area, ca ku Mungwi Road, ndipo anamcotsa osayamba amva mau ace. Tsiku lomwelo anakomana pa geti ndi mwamuna wobvala suti, cikwama ciri m'manja, amene anati adziwa malamulo ndipo adzamtengera mlandu wace ku khoti. Mnzathuyo anapereka ndalama, naperekanso kalata ya nchito ndi mapepala a malipiro. Miyezi inai yapita, mlandu sunalembedwe, foni ya mwamunayo siyankhidwa. Tsono afunsa kuti, kodi ameneyu anali loya kapena paralegal?

Ine ndiganiza kuti sanali mmodzi wa awiriwa, ndipo ndilongosola cifukwa cace.

Munthu sakhala loya cifukwa ca suti kapena Cingerezi cambiri, iai. Ayenera kutsiriza digiri ya malamulo, apambane mayeso a ku ZIALE, sukulu ya maloya ya muno m'Lusaka, ndipo dzina lace lilembedwe m'kaundula wa maloya. Ndiponso caka ciri conse atenga cikalata ca cilolezo ku bungwe la Law Association of Zambia. Lamulo la Legal Practitioners Act la 1973 liletsa munthu wopanda zimenezi kudzicha loya, kuyendetsa mlandu wa wina ku khoti monga loya, kapena kulandira malipiro polembera anthu mapepala a khoti ndi ogulitsira malo. Loya weni weni saloledwanso kusakasaka milandu. Cotero mukaona munthu akudikira pa geti la fakitale, yambani mwakaika.

Nanga paralegal ndani? Ndi mthandizi wophunzira za malamulo, wonga mthandizi wa dokotala pa kiliniki: adziwa zambiri, athandiza ambiri, koma mpeni wa opaleshoni saugwira. Kwa zaka zambiri anthu amenewa anagwira nchito m'machalichi ndi m'mabungwe popanda lamulo lowachula. M'caka ca 2018 Boma linabvomereza ndondomeko yothandizira osauka pa milandu, ndipo lamulo la Legal Aid Act la 2021 linawapatsa malo. Maphunziro ao ali ndi magawo atatu obvomerezedwa ndi TEVETA, ndipo alembetsa maina ao ku Legal Aid Board. Muwapeza pa madesiki a m'mabungwe, ku makhoti ena, ku mapolisi ena ndi ku ndende.

Paralegal woona mumzindikira ndi makhalidwe ace. Poyamba peni peni anena poyera kuti, ine sindine loya, nachula bungwe limene liyang'anira nchito yace. Asunga cinsinsi canu, cifukwa nkhani ya munthu wocotsedwa nchito ikafika ku bawa imafikanso kwa kapitao. Sathandiza inu m'mawa ndi kuthandiza abwana anu madzulo pa mlandu womwewo. Salonjeza kuti mudzapambana, pakuti woweruza si iye. Mapepala anu awatenga cithunzi nakubwezerani. Koma khalidwe loposa onsewa, monga ndionera ine, ndilo kudziwa polekezera. Mlandu ukamkulira ayenera kunena msanga, ndi kukutumizani kwa loya tsiku lisanapite. Kunena kuti "ici sindicitha" kucititsa manyazi, makamaka pamene munthu wosauka wakucha kale bwana loya. Komatu paralegal wolandira dzina limenelo mwakacetecete wayamba kale kunama.

Cifukwa cace ndilimbikira za kufulumira ndi ici. Milandu ya anchito imvedwa ndi gawo la High Court loona za nchito, limene kufikira 2016 linali khoti lapalokha la Industrial Relations Court, ndipo lipezeka ku Lusaka ndi ku Ndola. Dandaulo liyenera kufika kumeneko pasanathe masiku 90 kucokera pamene cinthuco cinacitika, kapena pamene njira zodandaulira za pa kampani zatha. Munthu wa cikwama uja sanabe ndalama zokha. Anadyanso masiku a mnzathuyu, ndipo masikuwo ndiwo anali a mtengo wopambana.

Cimene cimvetsa cisoni ncakuti panali njira zina zosalira suti ya munthu ali yense. Ku khoti limeneli munthu akhoza kudziimira yekha, kapena kuimiridwa ndi mkulu wa yuniyoni yace, monga inu a ku migodi mudziwa bwino. Ofesala wa za nchito wa Boma amamvanso madandaulo a malipiro. Ndipo ku Local Court, kumene kupita milandu yambiri ya maukwati ndi ya mwambo, ngakhale loya weni weni saloledwa kuimira munthu pa milandu yotere. Wina akakuuzani kuti adzakuimirani kumeneko monga loya, ndalama zanu zikhale m'thumba.

Tsono kwa inu, bambo wa ku Matero, ndinena tere. Masiku 90 apita, koma khoti liri ndi mphamvu yoonjezera nthawi ngati mupempha ndi kupereka cifukwa comveka. Pitani ku Legal Aid Board sabata lomwe lino, musadikire kutha kwa mwezi. Lembani masiku onse monga muwakumbukira: tsiku la kucotsedwa, tsiku munapereka ndalama, tsiku munamuona komariza. Dzina limene anakupatsani mukalifunse ku Law Association of Zambia, ndipo likasowa m'kaundula mukanene ku polisi. Mapepala a malipiro aja mukapemphe ena ku ofesi ya fakitale.