Akakukanizani mapiritsi a pangozi, musakagone kunyumba

Loweruka lina m'mawa mtsikana wa m'kalabu mwathu anandipeza ndikuchapa. Dzina lake sinditchula. Kondomu inali itaphulika usiku wa Lachinayi, ndipo Lachisanu anapalasa njinga kukagula mapiritsi olera a pangozi ku sitolo ya mankhwala. Bambo wogulitsa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nati, "Iwe mwana, uli pabanja? Pano sitigulitsa zochotsera mimba." Kumbuyo kwake kunali anthu pa mzere. Anatuluka atazyolika, ndipo tsiku lonse linapita pachabe.

Bambo aja ananama, kapena tinene kuti sankadziwa. Mapiritsi amenewa, omwe ena amawadziwa kuti Postinor-2, ali ndi mankhwala otchedwa levonorgestrel. Ntchito yake ndi kuchedwetsa dzira la mkazi kuti lisatuluke msanga. Umuna umatha kukhala wamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku 5, ukudikira dzira. Dzira likachedwa, umunawo umafa usanakumane nalo, basi mimba palibe. Koma ngati mimba yakhazikika kale, piritsi silingaichotse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena zimenezi momveka bwino. Komanso si zoona kuti mapiritsiwa amaumitsa chiberekero, monga ndimamvera kumjigo.

Ndiye mwaona chifukwa chake tsiku lotayika lija linandiwawa? Apa ndi mpikisano ndi dzira. Mapiritsiwa amagwira bwino akamwedwa msanga, makamaka asanathe maola 72. Angathandizebe mpaka maola 120, omwe ndi masiku 5, koma mphamvu imanka icheperachepera. Wogulitsa akanena kuti "bwera mawa ndi mayi ako", iye sataya kanthu. Wotaya ndi iweyo.

Khalidwe lokaniza anthu lilipo ngakhale kumayiko olemera. Ku America, ogulitsa mankhwala ena ankakana ponena kuti chikhulupiriro chawo sichilola, mpaka mu 2005 bwanamkubwa wa dera la Illinois, Rod Blagojevich, analamula masitolo ogulitsa mankhwala olera kuti azipereka mosachedwetsa. Mu 2013 dzikolo linalola kuti piritsi la Plan B One-Step lizigulidwa ndi aliyense popanda kalata ya dokotala. Kuno kwathu, lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati ogwira ntchito zachipatala apereke njira zolera kwa munthu amene wazifuna, kaya ali pabanja kaya ayi. Ine sinditsutsa chipembedzo cha munthu. Koma amene mtima wake sukumulola, bwanji osangoloza kwina mwaulemu, m'malo mochititsa mwana wa mnzake manyazi pagulu?

Tsono zikakuchitikirani, musalimbane naye, nthawi ndi yochepa. Lunjikani ku chipatala cha boma tsiku lomwelo, kumene njira zolera ndi zaulere, ndipo funsani namwino woona za achinyamata kapena wa kulera. Kuli Banja La Mtsogolo, pitani. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu angakuuzeninso kumene aliko. Dziwaninso kuti zipatala zina za mishoni sizipereka njira zolera zoterezi, choncho funsani musanawononge ndalama ya kabaza. Za mapiritsi oyalidwa padzuwa pamsika, chonde ayi. Ngati a pangozi atha, musatembenuke msanga: namwino akhoza kukupatsani mapiritsi olera a masiku onse pa mlingo wapadera, kapena kukuikani lupu ya kopa masiku 5 asanathe, yomwe imateteza kuposa mapiritsi. Ngati mumamwa mankhwala a TB, a khunyu kapena ma ARV, muuzeni, chifukwa ena mwa iwo amafooketsa piritsili.

Pali chifukwa china chimene ndimakondera chipatala kuposa sitolo. Kondomu ikaphulika, ngozi si mimba yokha. Mapiritsi a pangozi sateteza ku kachilombo ka HIV ngakhale pang'ono, ngakhalenso ku chindoko kapena chinzonono. Choteteza ku HIV zikachitika kale ndi PEP, mankhwala omwe amamwedwa masiku 28 munthu atayezedwa magazi. PEP sadikira masiku 5 ayi, ayenera kuyambidwa asanathe maola 72. Amene wagwiriridwa athamangire kuchipatala msanga pa chifukwa chomwechi, asayambe wadikira bwalo la amfumu.

Mnzathu uja ndinamukweza panjinga, tinafika kuchipatala asanatseke, patatha maola pafupifupi 40. Anamwino anamupatsa piritsi n'kumuuza kuti akasanza maola 2 asanathe abwerere adzamwenso, ndipo msambo ukachedwa kupitirira sabata adzayezetse mimba. Anamuyeza magazi, ndipo poti chibwenzi chake chinali chisanayezetsepo, anamuyambitsa PEP. Mnyamatayo masiku onsewa anali zii. Ndinachita kukamutenga ndekha ku bwalo la mpira Lolemba kuti nayenso akayezetse.