Sukulu ya Sevington: kalasi yomangidwa ndi miyala ya tchalitchi

M'chigawo cha Wiltshire ku England, pafupi ndi tauni ya Chippenham, muli kamudzi kotchedwa Sevington. M'kamudzimu muli nyumba imene mlendo angaiyese kachisi, chifukwa pamwamba pake pali nsanja ya belu yaikulu kwambiri poyerekeza ndi nyumba imene yaisenza. Nyumbayi inali sukulu ya ana a antchito a pa esiteti, ndipo inamangidwa m'chaka cha 1848.

Mwini wake anali Joseph Neeld, loya amene anapata chuma chadzaoneni mu 1827 atamwalira mbale wake wachikulire, Philip Rundell, mkulu wa kampani yosulira banja lachifumu ziwiya za golide ndi siliva. Ndalama zimene Neeld analandira sizinachepere mapaundi 800,000. Chaka chotsatira anagula esiteti ya Grittleton, kenaka anakhala phungu wa Chippenham m'nyumba ya malamulo kufikira imfa yake mu 1856. Ankakonda kumanga. Pogwiritsa ntchito katswiri wolemba mapulani, James Thomson, anamanga chinyumba chake cha Grittleton House, nyumba za antchito ndi zina zambiri.

Mu 1846 Thomson anagwetsa tchalitchi chakale cha St Margaret m'mudzi woyandikana nawo wa Leigh Delamere n'kumangapo china. Zigawo zokongola za tchalitchi chakalecho sanazitaye. Nsanja ya belu, imene amisiri anaisema zaka mazana ambiri m'mbuyomo, anaisamutsira ku Sevington, ndipo pa tchalitchi chatsopano anaikapo ina yofanana nayo. Anatenganso khomo lamiyala lopindika ngati uta, limene linkalekanitsa malo a ansembe ndi a mpingo, pamodzi ndi miyala yosemedwa imene inkakhala kuseri kwa guwa. Motero yeniyeniyo ili pasukulu, pomwe yongotengera ili patchalitchi. Akatswiri a masiku ano osamala zinthu zakale sangalole zotere, koma n'kutheka kuti popanda kusamutsako miyalayi ikadaphwanyidwa.

Mamangidwe onse anatsata kalembedwe ka Gothic, kamene Angerezi a nthawi ya Mfumukazi Victoria ankakaona ngati koyenera nyumba za Mulungu ndi za maphunziro. Mkati mwake munali chipinda chimodzi chokha chophunziriramo, momwe ana aang'ono ndi aakulu ankakhalira pamodzi. Cholumikizika nacho chinali nyumba ya mphunzitsi: chipinda chochezera, khitchini ndi zipinda ziwiri zogona. Mphunzitsi akadzuka, ntchito inali kuseri kwa chitseko.

Kukongola kwa nyumbayi kusatiiwalitse cholinga chake. Pa nthawiyo boma linali lisanayambe kumanga sukulu zake. Lamulo lokhazikitsa maphunziro a pulayimale m'dziko lonse linabwera mu 1870, ndipo lokakamiza ana kupita kusukulu linatsatira mu 1880. Kumidzi, mwana ankaphunzira ngati mpingo kapena mwini malo wafuna, ndipo ankaphunzira zimene iwowo afuna. Ku Sevington maphunziro anali opereweza dala, okonzekeretsa anyamata kukalima m'minda ya banja la Neeld ndi atsikana kukatumikira m'nyumba za olemera. Neeld anachitadi chifundo, koma chinali chifundo chosunga munthu aliyense pamalo amene anabadwira. Mphamvu yomweyi ya mwini malo inaoneka moipa kwambiri kuno kwathu, pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene eni ake anakaniza sukulu, ndipo matchalitchi a John Chilembwe, amenenso ankaphunzitsiramo ana, anatenthedwa chisanachitike chipolowe cha 1915.

Mbiri ya Sevington yagona pa mayi mmodzi. Elizabeth Squire analembedwa ntchito mu 1860 ndipo anaphunzitsa pomwepo zaka 53, mpaka sukuluyi itatsekedwa mu 1913. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kuphunzitsa mwana, kudzaphunzitsa mwana wake, mwinanso mdzukulu.

Chimene chinapulumutsa nyumbayi ndi kuiwalika. Sukulu zambiri zakumidzi ku England zitatsekedwa zinasandutsidwa nyumba zogonamo, makoma n'kubooledwa, mkati n'kusinthidwa. Ya ku Sevington inangotsala pafupifupi monga inaliri. Lero ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo pa mlingo wa Grade II*, umene umaperekedwa ku nyumba pafupifupi 6 mwa 100 zilizonse za pa mndandandawo.

Ana a sukulu za pulayimale amabwera kudzakhala tsiku lathunthu monga ankakhalira anzawo a kalelo. Amavala zovala za nthawiyo, amakhala pa mabenchi olimba, amalemba pa masileti, ndipo kutsogolo kwawo kumaima mphunzitsi wa nkhope yosaseka amene amamutchula kuti Miss Squire. Anthu wamba amaloledwa kudzaona nyumbayi m'miyezi yotentha ya kumeneko.