Asilikali a m'thupi akachotsedwa mabuleki

Mu phunziro la Biology mumaphunzira kuti maselo oyera a m'magazi ndi asilikali a thupi. Ena mwa asilikaliwa ndi ma T cell, ndipo ma CD4 amene mumawamva pa nkhani za HIV ali m'gulu lomweli. Lero ndikufuna tione zomwe zimachitika madokotala akawatuma asilikali amenewa kukalimbana ndi khansa, njira yomwe amaitcha immunotherapy.

Ma T cell ali ndi mabuleki. Awa ndi mapuloteni monga CTLA-4 ndi PD-1, omwe ntchito yake ndi kuletsa asilikali kuukira ziwalo za mwini thupi. Khansa zina ndi zochenjera: zimaponda mabulekiwa, asilikali n'kumangodutsa osazikhudza. James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha kafukufuku wawo pa mabuleki amenewa. Mankhwala monga ipilimumab, omwe analoledwa ku America mu 2011, ndi pembrolizumab amamasula mabulekiwo. Jimmy Carter, pulezidenti wakale wa America, analandira pembrolizumab mu 2015 khansa yapakhungu itafika ku chiwindi ndi ku ubongo. Anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 100.

Koma taganizirani, msilikali wopanda omuletsa amangowombera mdani yekha? Ayi ndithu. Apa ndiye pagona vuto. Chemotherapy imapha maselo amene amagawikana msanga, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka. Mavuto a immunotherapy ndi osiyana: chitetezo cha thupi chimatembenukira ziwalo zabwinobwino n'kuzitupitsa. Pakhungu pamatuluka zidzolo zoyabwa. Matumbo akatupa, munthu amatsekula m'mimba, nthawi zina zamagazi. Mapapo akatupa, amatsokomola ndi kubanika. Chiwindi ndi chithokomiro nazonso zimakhudzidwa. Mwa apo ndi apo kapamba amasiya kupanga insulin, munthu n'kudwala shuga. Kutupa kwa mnofu wa mtima sikuchitika kawirikawiri, koma kumapha. Chovutanso n'chakuti zizindikirozi zingabwere patapita milungu, miyezi, ngakhale munthu atamaliza kale kulandira mankhwala.

Ndiye madokotala amatani? Choyamba, amayeza magazi pafupipafupi kuti aone momwe chiwindi ndi chithokomiro zikugwirira ntchito. Vuto likapezeka, amaliika pa mlingo kuyambira 1, pamene lili laling'ono, mpaka 4, pamene moyo uli pachiswe. Likakhala laling'ono, nthawi zambiri mankhwala amapitirira, dokotala akuyang'anitsitsa. Likakula, amayamba aimitsa mankhwalawo n'kupereka ma steroid monga prednisolone kuti akhazike pansi asilikali aja. Ma steroid sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono kwa milungu inayi kapena kuposerapo. Matumbo akapanda kuchira ndi ma steroid, pamabwera mankhwala ena monga infliximab. Koma chithokomiro chikawonongeka nthawi zambiri sichibwereranso, ndiye wodwala amamwa levothyroxine tsiku ndi tsiku, mwina moyo wake wonse.

Nkhani yomwe imandigwira mtima ine ndi ya Emily Whitehead. Mu 2012, ali ndi zaka 6, anali ndi khansa ya m'magazi yomwe inakana mankhwala. Ku Children's Hospital of Philadelphia anamuchotsa ma T cell ake, n'kuwasintha mu labotale kuti azizindikira khansa, kenako n'kumubwezera. Njira imeneyi ndi CAR-T. Patangopita masiku ochepa thupi linatentha koopsa, BP inatsika, mpaka anamuika pa makina opumira. Asilikali aja anali atatulutsa timapuloteni tolankhulirana, ma cytokine, tochuluka kupitirira muyeso. Atayeza magazi anapeza kuti cytokine ina, IL-6, yakwera kwambiri. Wofufuza Carl June ankadziwa mankhwala a nyamakazi otchedwa tocilizumab, omwe amatchinga IL-6, poti mwana wake wamkazi ankadwala nyamakazi. Atampatsa Emily mankhwalawo, anayamba kupeza bwino msanga, ndipo anatsitsimuka pa tsiku lokwanitsa zaka 7. Lero tocilizumab ndi chida chachikulu pothana ndi vuto limeneli.

Chomwe ndikufuna musaiwale ndi ichi: kwa munthu amene akulandira immunotherapy, kutsekula m'mimba kapena chifuwa si zoti angogulira mapiritsi n'kudikira. Ayenera kudziwitsa adokotala ake tsiku lomwelo, ndipo akapita kuchipatala china anene mankhwala omwe akulandira. Kutupa kukagwidwa msanga, nthawi zambiri kumachira.

Funso lomwe likuzunguzabe asayansi ndi lakuti: tingadziwe bwanji, mankhwala asanayambe, kuti mwa wodwala uyu asilikali adzalusa? Amene adzayankhe funsoli mwina ali Fomu 3 pakali pano, akujambula maselo oyera m'kope mwake.