Ntchito Zinabwerera, Koma Sizinabwerere Kwawo

Pamene kunamveka, pakati pa chaka cha 2014, kuti chiwerengero cha anthu apantchito m'dziko la America chafikanso pomwe chinali chuma chisanagwe, panali patapita zaka zoposa 6 chiyambire tsokalo mu Disembala 2007, ndipo ambiri amene anamva uthengawu mitima yawo inakhala pansi, poganiza kuti chotayika chija chapezeka. Kuwerengako kunali koona ndithu, pakuti ntchito pafupifupi 8.7 miliyoni zimene zinatha zinalowedwa m'malo ndi zina zochuluka chimodzimodzi. Komatu chiwerengero cha dziko lonse chili ngati mbiri yakuti chaka chino mvula yagwa bwino: mwini munda umene mitambo inaulambalala, amene chimanga chake chinafota chisanamasule, mbiri yotere siimutonthoza, ingakhale yoona chotani.

Gwero la tsokali linali nyumba. Mabanki anakongoza ndalama zogulira nyumba kwa anthu ambiri opanda mphamvu zobwezera, pokhulupirira kuti mitengo ya nyumba idzangokwerabe mpaka kalekale. Mitengoyo itayamba kutsika, ngongole zija zinasanduka mapepala achabe, ndipo pa 15 Seputembala 2008 banki yaikulu ya Lehman Brothers inagwa, nigwetsa mantha pa misika ya dziko lonse lapansi. Akatswiri a zachuma amati kugwako kunaleka mu Juni 2009, koma ulova unakwerabe kufikira Okutobala wa chaka chomwecho, pamene anthu 10 mwa 100 alionse ogwira kapena ofuna ntchito anali pakhomo.

Amene anayamba kumva ululu ndiwo amisiri omanga nyumba ndi anthu a m'mafakitale, pakuti magulu awiriwa anataya ntchito zoposa 2 miliyoni lililonse. Ndipo popeza ambiri a iwo anali amuna amene sukulu yawo inathera ku sekondale, mkwapulo unagwa mosalingana kuyambira pachiyambi pomwe. Pakati pa anthu okhala ndi digiri ya ku yunivesite ulova unafika cha pa 5 mwa 100, pamene pakati pa amene sanamalize sekondale unafika cha pa 15. Izi zokha sizikanadabwitsa munthu, chifukwa m'nthawi ya masautso wochepa maphunziro ndiye amayamba kuuzidwa kuti apume kaye. Chodabwitsa chinadza pambuyo pake, ntchito zitayamba kubwerera. M'chaka cha 2016 ofufuza a pa yunivesite ya Georgetown, motsogozedwa ndi Anthony Carnevale, anapeza kuti mwa ntchito 11.6 miliyoni zimene zinawonjezeka chiyambire kuchira kwa chuma, zokwana 11.5 miliyoni zinapita kwa anthu amene anapondako ku koleji. Pamene anthu a sekondale ndi ochepera apo, amene anataya ntchito 5.6 miliyoni m'masiku oipawo, anapezanso 80,000 zokha. Anaona patali akuluakulu amene anati mvula ikakuona litsiro siikata.

Tisaganize kuti ntchito zonse zosalira maphunziro zinatheratu, ayi. Zinabwerera zochuluka, koma zamtundu wina: kuphika ndi kupereka chakudya m'malesitilanti, kugulitsa m'masitolo, kusamalira nkhalamba m'nyumba zawo, kunyamula katundu m'nyumba zosungiramo malonda. Bungwe la National Employment Law Project linawerengera mu 2012 kuti ntchito za malipiro apakati, zimene zinali 60 mwa 100 za ntchito zotayika, zinali 22 zokha mwa 100 za ntchito zobwerera. Pamene za malipiro otsika, zimene zinali 21 mwa 100 za zotayika, zinali 58 mwa 100 za zobwerera. Chimene chinagumuka, tsono, ndi pakati: kalaliki wa mu ofesi, wolemba mabuku a ndalama, woyendetsa makina m'fakitale, anthu amene ndi maphunziro ochepa ndi khama lambiri ankatha kugula nyumba, kuphunzitsa ana ndi kudikira penshoni. David Autor wa pa yunivesite ya MIT ndi anzake anali atasonyeza kale kuti ntchito zobwerezabwereza, zimene munthu angazilongosole mwa malamulo okhazikika, ndizo zimene kompyuta ndi makina zimalanda mosavuta, kapena zimene eni makampani amazisamutsira ku maiko a malipiro otsika. Masiku a mtendere kusinthaku kumayenda pang'onopang'ono, koma chuma chikagwa mwini fakitale amachotsa anthu tsiku limodzi, ndipo malonda akabwerera, amaitanitsa makina m'malo moitana anthu aja. Ofufuza ena awiri, Brad Hershbein ndi Lisa Kahn, atasanthula zilengezo za ntchito zosawerengeka, anaona kuti m'mizinda imene inakanthidwa kwambiri ndimo mmene olemba ntchito anakweza kwambiri maphunziro ofunika, ndipo sanawatsitse msanga zinthu zitakhala bwino.

Pa kusiyana kwa maphunziro panawonjezeka kusiyana kwa malo, ndipo ziwirizi zikakumana pa munthu mmodzi ndi pamene katundu analemera koposa. Chigawo cha Nevada, kumene mzinda wa Las Vegas unkamangidwa usana ndi usiku, chinaona ulova woposa 13 mwa 100 mu 2010. Ku Michigan, kwawo kwa magalimoto, unafika cha pa 14, makampani a General Motors ndi Chrysler atagwada pamaso pa khoti mu 2009 chifukwa cha ngongole, ndipo mu Julayi 2013 mzinda wa Detroit nawo unachita chimodzimodzi. M'zaka zomwezo Texas anali atabwezeretsa ntchito zake pofika 2011, ndipo ku North Dakota, kumene anayamba kukumba mafuta ochuluka m'miyala ya Bakken, ulova unangopitirira pang'ono 4 mwa 100. Munthu wodziwa kuyendetsa lole kapena kuwotcherera zitsulo ankalandira m'tauni ya Williston komweko malipiro amene ena a madigiri ankawasirira, kufikira mitengo ya mafuta inagwa kumapeto kwa 2014. Koma kuchira kokhalitsa kunakhazikika m'mizinda ikuluikulu ya anthu ophunzira, monga San Francisco, Seattle, Boston ndi Austin, ndipo midzi ndi matauni aang'ono ambiri anatsalira.

Pali matauni awiri amene nkhani yawo iyenera kulingaliridwa mofatsa, pakuti onse anali a anthu ogwira ntchito ndi manja, onse anadalira malonda amodzi, koma mathero awo anasiyana. Ku Elkhart, m'chigawo cha Indiana, amapanga magalimoto okhala ngati nyumba, amene mabanja amagonamo pa maulendo. Ndipo popeza chinthu chotere munthu sagula ali ndi nkhawa ya mawa, ulova kumeneko unayandikira 20 mwa 100 kumayambiriro kwa 2009, kotero kuti Pulezidenti Barack Obama anapita komweko mu Febuluwale kukalankhula za ndondomeko yake yodzutsira chuma. Koma mafakitale ambiri a ku Elkhart anangogona, sanafe. Ogula atabwerera, anthu omwe aja anaitanidwanso, ndipo zisanathe zaka 10 ulova unatsika kufika pansi pa 3 mwa 100. Ku Janesville, m'chigawo cha Wisconsin, kunali fakitale ya General Motors imene inadyetsa mibadwo ya mabanja kuchokera mu 1919, ndipo pa 23 Disembala 2008, kutatsala masiku awiri kuti anthu adye Khirisimasi, inatulutsa galimoto yake yotsiriza ya Chevrolet Tahoe. Makampani aang'ono amene ankaipangira mipando ndi zipangizo zina anatseka pamodzi nayo. Fakitaleyo sinadzukenso.

Mtolankhani Amy Goldstein, amene anatsata moyo wa tauniyi kwa zaka zambiri nalemba buku lotchedwa Janesville, anapeza chinthu chimene chiyenera kudetsa nkhawa aliyense amene amaganiza kuti mankhwala a ulova ndi kubwezera anthu m'kalasi basi. Ambiri mwa ochotsedwa ntchito analowa koleji ya ntchito zamanja ya Blackhawk, amuna ndi akazi a imvi kumutu, ena osadziwa ngakhale kuyatsa kompyuta, napirira manyazi ndi umphawi kufikira atamaliza. Koma powerengera pambuyo pake kunaoneka kuti amene anaphunziranso sanapose anzawo amene sanaphunzirenso, pa kupeza ntchito ngakhale pa malipiro. Ine sinditenga izi ngati umboni wakuti maphunziro ndi achabe. Ndiona kuti satifiketi siibala ntchito pamalo pamene palibe wolemba ntchito, ndipo nkulakwira munthu kumuuza kuti vuto lili m'mutu mwake pamene vuto lili m'tauni yake.

Wina adzafunsa kuti, nanga bwanji sanasamuke kutsata ntchito kumene inapita? Ena anasamuka, ndipo ena a ku Janesville ankagwira ntchito ku fakitale ya General Motors ya ku Fort Wayne mkati mwa sabata, nabwerera kwa akazi ndi ana awo Lachisanu usiku, ulendo wa maola ambiri. Koma munthu amene ngongole ya nyumba yake yaposa mtengo wa nyumbayo sangaigulitse. Ndipo lendi ya ku San Francisco, imene katswiri wa makompyuta amailipira mosavuta, imameza malipiro onse a wophika kapena mlonda, kotero kuti wophunzira akasamuka amapindula, pamene wosaphunzira akasamuka amangosinthitsa umphawi wa kwawo, kumene kuli abale omugwira dzanja, ndi umphawi wa kuchilendo. Danny Yagan wa pa yunivesite ya California ku Berkeley anasonyeza kuti anthu amene tsokali linawapeza akukhala m'madera okanthidwa kwambiri anali akadali ochepa pantchito mu 2015, poyerekeza ndi anzawo ofanana nawo amene linawapeza kwina.

Nthawi ya otsalirawo inafika ndithu, koma mochedwa. Pofika 2019 ulova wa dziko lonse unatsika kufika 3.5 mwa 100, umene sunaonekepo chiyambire 1969, ndipo olemba ntchito, posowa anthu, anayamba kulandira amene kale ankawabweza pakhomo, malipiro a otsikitsitsa nayamba kukwera msanga kuposa a ena. Koma amene anachotsedwa ntchito ali ndi zaka 50 anali atapitirira 60 pa nthawiyo. Ndipo chiwerengero cha malova chimawerenga okhawo amene akufunabe ntchito, osati amene anatopa naleka kufuna. Chuma chisanagwe, anthu 66 mwa 100 alionse a msinkhu wogwira ntchito anali pantchito kapena akuifunafuna. Mu 2019, chuma chitakula zaka 10 zotsatizana, anali pafupifupi 63.